Chaka Chimene Bambo a Thoko Anadyetsa Mbalame Zanga

Chizindikiro choyamba chinali kuwawa kwa nsagwada. Munali mu Okutobala 2004, masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo, ine ndili ndi zaka 53. Nsagwada ya kumanzere inkawawa chapansipansi, ngati mmene limachitira dzino likayamba kubowoka. Ululuwo unkabwera ndikamathamangira basi kapena ndikamakwera masitepe, ndipo ndikakhala pansi mphindi zingapo unkatha wokha. Ndinkamwa panado n'kupitiriza ntchito. Panalinso kutopa kwachilendo. Ndikafika kunyumba madzulo ndinkayamba ndakhala pampando wa pakhomo ndisanavule nsapato, koma ndinkangoti ndi ukalamba ukubwera.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ine ndi amuna anga, bambo a Thoko, takhala ku Etobicoke kuno, m'dziko la Canada, zaka zambiri, m'nyumba ya lendi yokhala ndi kabwalo kakang'ono kuseri, mpanda wamatabwa ndi mitengo iwiri ya mkungudza. Iwo amagwira ntchito kosungira katundu pafupi ndi bwalo la ndege. Ine ndimasamalira okalamba m'makomo mwawo: kuwasambitsa, kuwaveka, kuwaphikira ndi kuwakumbutsa mankhwala. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Thoko, nthawi imeneyo ankaphunzira ku yunivesite ku Hamilton. Matenda sanali achilendo kwa ine. Ndinkatha kuona pankhope ya wodwala wanga kuti lero sanadzuke bwino, iye asananene. Za thupi langa zokha ndi zimene sindinkazimvetsera.

Nkhani yanga singamveke ndisanafotokoze za mbalame. Kudyetsa mbalame ndinaphunzira kwa mayi Helen, gogo wachizungu amene ndinawasamalira zaka zinayi ku Oakville. Kunja kwa windo la chipinda chawo kunali kanyumba kamatabwa kokhomedwa pamwamba pa chitsulo chachitali, ndipo ntchito yanga yoyamba m'mawa uliwonse, ndisanawakonzere madzi osamba, inali kuthiramo njere za mpendadzuwa. Poyamba ndinkaona ngati zachibwana. Koma mayiwa sankathanso kuyenda, tsiku lawo lonse linkathera pawindo paja, ndipo pang'ono ndi pang'ono nanenso ndinayamba kuima pambali pawo, thaulo lili m'manja. Atawasamutsira kunyumba ya okalamba, anauza ana awo kuti kanyumbako andipatse ine. Anandilangiza chinthu chimodzi chokha: ndikayamba kuzidyetsa kukangoyamba kuzizira, ndisaleke mpaka sinowo asungunuke, chifukwa zimazolowera, ndipo m'mawa wozizira kwambiri zimafika zilibe mphamvu yokafunafuna chakudya kwina.

Ndinakaimika kanyumbako kuseri kwathu, pafupi ndi mikungudza. Ndinkathiramo mpendadzuwa wakuda ndi mtedza wopanda mchere, pamtengo n'kupachika kakhola kawaya koikamo mafuta a ng'ombe ouma. Pansi ndinkaika mbale ya madzi ofunda, chifukwa winta, nyengo ya chisanu, ikafika madzi onse amauma gwa, mbalame n'kumavutika ndi ludzu. Kunkabwera mpheta, njiwa, agogomole, mbalame yaikulu yabuluu yaphokoso, ndi banja limodzi la mbalame zatsumba zimene kuno amati kadinala, yaimuna yofiira ngati tsabola wakupsa. Koma amene ndinkawakonda ndi achikadi, timbalame tating'ono ta mutu wakuda ndi masaya oyera, tosaopa munthu.

Bambo a Thoko ankandiseka. Iwo ali mwana ankadziwika mudzi wonse ndi legeni ndi ulimbo, ndipo ntchito yawo yaikulu inali kupirikitsa mbalame m'munda wa mapira wa bambo awo.

"Nangozo, kwathu mbalame timazithamangitsa m'munda," ankatero. "Inu mukuchita kukazigulira chakudya ku sitolo. Anthu akumudzi atamva angati Canada yatisokoneza mutu."

Njiwa zikatera pabwalo ankapukusa mutu n'kunena kuti ndiwo zikungodziyendera zopanda mwini.

Mu Novembala ndinapita kwa dokotala wa mano. Anandijambula, anagogoda mano onse a kumanzere, koma sanapeze vuto. Kenako anavula magolovesi n'kundifunsa kuti ululuwo umabwera nthawi yanji. Ndinamuuza za masitepe ndi basi.

"Dzino siliwawa chifukwa chokwera masitepe," anatero. "Pitani kwa dokotala wanu sabata yomwe ino, mukamuuze zimene mwandiuzazi. Akakuyezeni mtima."

Ndinaimbadi foni ndipo anandipatsa tsiku. Tsikulo ndinalisintha kawiri. Mnzanga wina wa kuntchito anali patchuthi, odwala ake anandiwonjezera ine, ndipo panali gogo wina amene sankalola kusambitsidwa ndi munthu wina aliyense. Ndinkadziuza kuti ndipita Khirisimasi ikadutsa. Bambo a Thoko sindinawauze zimene dokotala wa mano ananena.

Loweruka lina pakati pa Disembala tinadzuka sinowo atagwa wambiri. Cha m'ma 8 koloko ndinavala jekete ndi nsapato zazitali, ndinanyamula kandowa ka mpendadzuwa dzanja lina, ketulo ya madzi ofunda dzanja lina. Kuchokera pakhomo la kukhitchini kukafika pakanyumba ka mbalame ndi mapazi 25. Ndinali nditayenda theka pamene ndinamva ngati munthu wandikhalira pachifuwa. Nsagwada inagwira, mkono wa kumanzere unalemera, ndipo thukuta linatuluka thupi lonse m'chisanu chimenecho. Mseru unabwera. Ndinatula ketulo, ndinagwada, kenako ndinangokhala pansi m'sinowo. Ndikukumbuka achikadi akulira mumkungudza, akudikira chakudya chawo monga mwa masiku onse.

Bambo a Thoko anandiona pawindo ali ndi kapu ya tiyi. Anatuluka atavala masilipasi. Ndinawauza kuti andipatse madzi akumwa, ndingopuma pang'ono zitha. Anandikokera m'nyumba, anandifunditsa bulangeti n'kuimbira ambulansi.

A ambulansi anandipatsa asipirini woti nditafune, anandipopera mankhwala kunsi kwa lilime n'kundiveka chopumira mpweya. Kuchipatala anandimata timawaya pachifuwa, ndipo magazi ankawatenga maola angapo alionse. Madzulo a tsiku lomwelo dokotala wa mtima anabwera n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anati mtsempha wina wopatsa mtima magazi unatsekeka kwa kanthawi, ndipo kachigawo ka mtima kavulala. Anandifunsa kuti zizindikiro zinayamba liti. Nditanena kuti Okutobala, bambo a Thoko anandiyang'ana. Kayang'anidwe kameneko sindidzakaiwala.

Lachiwiri lotsatira anandilowetsa kachubu kopyapyala kudzera mumtsempha wa m'mphechepeche mpaka kumtima, n'kuthiramo mankhwala oonetsa mitsempha pa sikirini. Atamaliza ndinagona chagada maola angapo osapinda mwendo. Anapeza mitsempha itatu yatsala pang'ono kutsekeka. Dokotala anati pakufunika opaleshoni yotsegula chifuwa, yoti atenge mtsempha wa kumwendo ndi wina wa m'chifuwa momwemo n'kupangira magazi njira yolambalala potsekekapo. Anatinso sangandilole kukadikira kunyumba.

Ndinadikira m'wodi masiku khumi ndi awiri. Tsiku linkayamba 6 koloko m'mawa: kuyeza kuthamanga kwa magazi, kukwera pasikelo, kutenga magazi, kenako phala lopanda mchere. M'thumba la chovala cha chipatala ndinkayenda ndi kabokosi kotumiza kagundidwe ka mtima wanga ku sikirini ya anamwino. Kamodzi anandikonzekeretsa opaleshoni, osadya kanthu kuyambira dzulo lake, koma masana anabwera kudzandiuza kuti kwabwera wodwala wina wa mwadzidzidzi, ine ndidikirebe. Kwa munthu amene ndinazolowera kusambitsa ena, kukhala pampando wa m'bafa namwino ataima pakhomo kunandivuta kuposa jakisoni.

Tsiku lachiwiri m'chipatala ndinafunsa bambo a Thoko ngati mbalame zadya.

"Mtima wanu ukufuna kuima, inu mukufunsa za mbalame?"

"Zazolowera, bambo a Thoko. Kukuzizira."

Anapumira m'mwamba n'kunena kuti aona. Patapita masiku awiri Thoko anabwera kuchokera ku Hamilton. Iyeyu anabadwira kuno, Chichewa amamva koma amayankha kwambiri m'Chingerezi, ndipo akafuna kundisangalatsa ndi pamene amayesa chathu. Anakhala pabedi n'kunena kuti, "Amayi, adadi athira mpunga wa dzulo pabwalo ponse. Ndi buledi. Kwabwera nkhunda zambiri, ndi agologolo sikisi. Mbalame zanu zathawa." Ndinaseka mpaka namwino anabwera mothamanga, ataona pa sikirini kuti mtima wanga ukugunda mwachilendo. Aka kanali koyamba kuseka chigonekedwere.

Ndinatenga pepala losankhira chakudya cha m'chipatala, kuseri kwake ndinalemba zonse: makapu awiri a mpendadzuwa m'mawa, kapu imodzi masana ngati kwazizira kwambiri, mtedza dzanja limodzi, madzi ofunda osati otentha, kusesa sinowo padenga la kanyumba, buledi ndi chakudya chamchere ayi. Bambo a Thoko analiwerenga kawiri, analipinda bwinobwino n'kuliika m'chikwama cha m'thumba.

Ankabwera tsiku lililonse akaweruka. Masiku oyamba ndikafunsa kuti kunabwera ziti, ankangoti, "Mbalame basi." Koma sabata isanathe malipoti anayamba kutalika. Anandiuza kuti kadinala wamwamuna ndi amene amayamba kufika kusanayere bwino, ndipo ndi yemweyo amene amatsiriza madzulo. Anandiuza kuti achikadi ali ndi akuluakulu awo, wamng'ono satera pakanyumba wamkulu asanachoke, ndipo satha kudya zonse zimene amatenga, zina amakazibisa m'makungwa a mtengo. Anandiuzanso kuti mbalame yabuluu ija ndi tambwali, imalira ngati kabawi kuti zinzake zithawe, iyo idye yokha. Zaka zitatu ndinali nditazidyetsa mbalamezo, koma zimenezi ndinali ndisanazionepo. Iwo ankaziyang'ana ndi diso la munthu amene anakula akuzitchera. Maina achizungu anawakana. Achikadi ankawatchula atimba, kadinala ankamuti bambo mfumu chifukwa cha chovala chake.

Khirisimasi ndinadyera m'wodi. Amayi anayi a kumpingo kwathu anabwera, anatseka katani n'kuimba nyimbo ziwiri chapansipansi kuti asasokoneze odwala ena. Opaleshoni inachitika pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. M'mawa wake, akundikankha pabedi kupita ku fiyeta, ndinali ndi mantha kwambiri. Bambo a Thoko ankayenda pambali atagwira dzanja langa, ndipo posowa chonena anayamba kundifotokozera kuti gogomole wamkazi wabwera ndi mnzake. Ndinalowa m'chipindamo ndikumvetsera zimenezo.

Opaleshoni inatenga maola asanu. Ndinatsitsimuka ndili ndi chubu kukhosi, ndipo anachichotsa patapita maola ochepa. Tsiku lotsatira anandikhazika pampando. Tsiku lachiwiri anandiimiritsa n'kundiyendetsa mpaka pakhomo la chipinda. Anandipatsa kapilo kofiira koti ndizikakumbatira pachifuwa ndikamatsokomola, ndi kachipangizo ka timipira titatu koti ndizikoka mpweya mpaka timipirato tikwere, kakhumi pa ola lililonse, kuti mapapo asadzaze madzi. Chodabwitsa n'chakuti bala la kumwendo, kumene anachotsa mtsempha, linkawawa kuposa la pachifuwa. Ananditulutsa patatha masiku asanu ndi limodzi, sabata yoyamba ya Januwale.

Namwino wonditulutsa anafotokoza malamulo bambo a Thoko ali pomwepo. Fupa la pachifuwa analimanga ndi waya, ndipo limatenga masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu kuti ligwirane. Ndisanyamule chinthu cholemera kuposa ketulo yodzaza, ndisadzikankhe ndi manja podzuka pampando, ndisayendetse galimoto, ndisatuluke kunja kukazizira kwambiri. Koma ndiziyenda m'nyumba tsiku lililonse, ndikuwonjezera pang'onopang'ono.

Sindikufuna kubisa kuti masabata awiri oyamba kunyumba anali ovuta kuposa masiku onse a m'chipatala. Kuchipatala kunali sikirini ndi anamwino. Kunyumba kunalibe wondiuza kuti mtima ukugunda bwino. Kakandibaya pang'ono pachifuwa ndinkaganiza kuti zayambiranso. Ndinkalira popanda chifukwa, chakudya sichinkakoma, ndipo kuyenda ndinkakana. Namwino amene ankabwera kudzatsuka bala la kumwendo anandipeza ndili chigonere masana. Anati zimenezi zimachitikira anthu ambiri akachitidwa opaleshoni ya mtima, si kufooka kwa chikhulupiriro kapena ulesi, ndipo zikapitirira ndimuuze dokotala. Kenako anafunsa bambo a Thoko kuti m'nyumba muno ndi chiyani chimene mayiwa angadzukire.

Tsiku lomwelo bambo a Thoko anasuntha tebulo la kukhitchini n'kukokera mpando wandalema wa pabalaza pawindo loyang'ana kuseri. Kuchokera kuchipinda kukafika pampandowo anali mapazi khumi ndi awiri. Namwino anati ndiziyenda ulendo umenewo kanayi patsiku, sabata yotsatira kasanu ndi katatu. Ndinayamba kudzuka 7 koloko kuti ndikamupeze bambo mfumu asanachoke.

Bambo a Thoko anapempha kuntchito kuti azilowa masana. M'mawa ankavala majekete awiri, kutuluka ndi kandowa ndi ketulo, kusesa padenga la kanyumba ndi kaburashi, kugogoda mbale kuti madzi oundana achoke, n'kuthira ofunda. Akabwerera ankapanga tiyi, n'kukhala pambali panga. Tsiku lina ndinazindikira kuti papita zaka zambiri ine ndi iwo tisanamwere limodzi tiyi wam'mawa pakati pa sabata. Tinkangopatsana moni pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Tsopano tinkakhala maola awiri, nthawi zina osalankhula, nthawi zina tikukangana ngati njiwa zabwerazo ndi zomwe zija za dzulo. Iwo anayamba kundisimbira za ubwana wawo zimene ndinali ndisanamvepo m'zaka makumi atatu za banja: mmene ankaphikira ulimbo, mmene ankagonera chafufumimba m'thengo mpaka nyerere kuwaluma osasuntha, ndi tsiku limene mayi awo anawakwapula chifukwa chodula chubu cha njinga ya amalume kuti apangire legeni.

Kenako inayamba nkhondo ya agologolo. Mpunga uja unali utawaitana, ndipo sanachokenso. Ankakwera chitsulo, kukhala m'kanyumba n'kumaliza mpendadzuwa wonse mbalame zikuonerera. Bambo a Thoko anapaka chitsulocho mafuta ophikira, koma anauma ndi chisanu. Anasuntha kanyumbako kutali ndi mpanda, gologolo wakuda wina n'kumadumpha kuchokera mumkungudza. Pomaliza anatenga beseni langa lachitsulo lokandira ufa wa mandasi, analiboola pakati n'kulivundikira pachitsulo, m'munsi mwa kanyumba. M'mawa wake gologolo wakuda uja anakwera mwachangu monga mwa nthawi zonse, anagunda mutu m'beseni, anatsetsereka mpaka pansi, n'kukhala m'sinowo akuyang'ana kumwamba. Anayesanso katatu. Ine ndinali nditakumbatira kapilo kanga ndi manja awiri, misozi ikutsika, ndikuwapempha bambo a Thoko kuti asiye kuyerekeza nkhope ya gologoloyo chifukwa waya wa pachifuwa aduka. Beseni langa sindinalidandaule.

Chakumapeto kwa Januwale kunagwa mvula yozizira imene imaundana ikangofika pansi. Mitengo, mpanda ndi kanyumba zonse zinakutidwa ndi madzi oundana ngati galasi. Mbalame zinkatera n'kuterereka, njere zikuoneka m'kati koma osatha kuzitola. Bambo a Thoko anatuluka akuyenda ngati nkhalamba, atagwira mpanda. Anagogoda kanyumbako ndi chigwiriro cha mpeni mpaka kanatseguka, ndipo anayala thabwa kunsi kwa mikungudza n'kuwazapo njere zina. Tsiku limenelo kunabwera mbalame zambiri kuposa tsiku lina lililonse, zina zimene sitinkazidziwa n'komwe. Anathira chakudya katatu, ndipo kuntchito anachedwa. Ndinawamva pafoni akuuza bwana wawo kuti kunyumba kunali zofunika kusamalira.

Chimene ndimachikumbukira kwambiri chinachitika mu Febuluwale. Kanyumba ka mbalame kamafunika kutsukidwa ndi madzi otentha pakapita masabata angapo, kuti zisapatsirane matenda. M'mawa umenewo bambo a Thoko anakachotsa, anakatsuka n'kukasiya kukhitchini kuti kaume. Achikadi anafika n'kupeza chitsulo chokhachokha. Ankadumphadumpha mumkungudza akulira. Ndinaona bambo a Thoko akutulukanso, akuvula golovesi ya kumanja, n'kuthira njere m'chikhatho. Anaima pafupi ndi mtengo, dzanja atatambasula, nkhope atayang'ana kumbali. Kunja kunali kutazizira mpaka madigiri mainasi 15. Anaima osagwedezeka, akuimba kaluzu kakang'ono ndi milomo. Panapita mphindi khumi. Ndinafuna kugogoda pawindo kuti alowe, zala zingaume. Kenako chikadi mmodzi anatsika nthambi imodzi, inanso, anauluka n'kubwerera, ndipo ulendo wachitatu anatera pachala chawo. Anasankha njere, anataya, anasankha ina, n'kuuluka. Pambuyo pake panatera wina.

Atalowa anakhala pampando osavula jekete, dzanja ataliika kukhwapa.

"Nangozo, zala zanga zimafuna kufumbata," anatero. "Zinakumbuka zokha."

"Ndiye munatani?"

"Ndinaziletsa. Mbalame ndagwira zambiri pamoyo wanga, koma zonse zinkakhala zikupalapata. Aka n'koyamba kumva kulemera kwa mbalame itangoima yokha. Sikalemera n'komwe. Timapazi take tokha ndi timene umamva."

Kuyambira tsiku limenelo ankadyetsa achikadi m'dzanja m'mawa uliwonse, kanyumba kalipo kapena palibe.

Patatha masabata asanu ndi awiri chichitikireni opaleshoni, ndinapita kukaonana ndi dokotala amene anandichita. Anakanikiza fupa la pachifuwa ndi zala, anamvetsera mtima ndi mapapo, anayang'ana mabala onse awiri. Anati fupa lagwirana, ndipo ndikhoza kutuluka panja masiku amene sikunazizire kwambiri, bola ndizitseka pakamwa ndi sikafu kuti mpweya uzifika m'chifuwa utafunda. Ndinamufunsa funso limene linkandivutitsa: ndikanabwera mu Novembala, zikanasintha? Anayankha mosazungulira. Anati mwina opaleshoni ikanafunikabe, koma ikanachitika mtima usanavulale. Kachigawo kamene kanavulala sikadzabwereranso mwakale, ngakhale kuti mbali yotsalayo ikugwira ntchito bwino.

Lamlungu lotsatira kunawala dzuwa. Bambo a Thoko anachotsa sinowo m'njira mpaka pakanyumba n'kuwazamo mchenga. Ndinanyamula kapu imodzi yokha ya mpendadzuwa. Iwo ankanditsatira pambuyo atanyamula mpando wapulasitiki, kuti ndikatopa ndikhale. Nditafika pamalo pamene ndinagwa paja ndinaima. Ndinamvetsera m'chifuwa. Munalibe kulemera, nsagwada sinkawawa, mpweya unkalowa bwinobwino. Ndinapitiriza, ndinafika, ndinatsegula denga la kanyumba n'kukhuthula kapu yanga. Mpando sunagwire ntchito. Tili chiimire pomwepo bambo a Thoko anandithira njere zingapo m'dzanja n'kundiuza kuti ndisayang'ane mumtengo, ndiyang'ane kumpanda, ndipo ndipume pang'onopang'ono. Achikadi anali atazolowera kale dzanja lawo, moti kwa ine sanachedwe. Mmodzi anatera pachala changa chachikulu. Zinalidi monga ananenera, timapazi tokha.

Mu Malichi ndinayamba maphunziro olimbitsa mtima kuchipatala, kawiri pasabata. Tinkayenda pamakina, anamwino akuyeza kagundidwe, ndipo ankatiphunzitsa za chakudya ndi mankhwala. Tinalipo anthu khumi ndi awiri, amayi tinali atatu okha, ndipo mwa atatufe panalibe amene matenda ake anayamba ndi kupweteka kwa pachifuwa. Wina zinayamba ndi msana, wina ndi kutentha pamtima ngati wadya zosayenera. Sinowo anatha mu Epulo, ndipo winta yonseyo, kupatula masiku a mpunga aja, kanyumba sikanagone kopanda chakudya. Ntchito ndinayambiranso mu Meyi, masiku atatu pasabata, kwa odwala osafuna kunyamulidwa. Gogo amene ankakana kusambitsidwa ndi wina uja ndinamupeza ali bwinobwino, atazolowerana ndi mtsikana wa ku Zambia amene analowa m'malo mwanga, mpaka kumamuphunzitsa kuluka.

Pamene ndikulemba izi papita zaka zinayi. Ndili ndi zaka 57. Ndimamwa mapiritsi anayi patsiku, ndipo ndidzamwa moyo wanga wonse. Mchere ndi mafuta ndinachepetsa, ndimayenda mphindi makumi atatu tsiku lililonse, kunja kukazizira kwambiri ndimakayenda m'kati mwa msika waukulu wa pafupi ndi kwathu. Masitepe a kusiteshoni ndimakwera osapuma, ngakhale kuti kuthamangira basi ndinasiya, ikandisiya ndimadikira ina. Mwendo umene anachotsa mtsempha umatupa pang'ono madzulo. Dokotala wa mtima ndimamuona kamodzi pachaka. Bambo a Thoko nawonso ndinawakakamiza kukayezetsa, anawapeza ndi shuga atangoyamba kumene, ndipo chifukwa anamupeza msanga akumuthana ndi chakudya ndi piritsi limodzi. Kuseri kwathu tsopano kuli tinyumba titatu. Tiwiri anakhoma okha, ndipo pamisonkhano ya Amalawi amakhala pakona akufotokozera azibambo anzawo kusiyana kwa mpendadzuwa wakuda ndi wamizeremizere, anzawowo akuwayang'ana modabwa.

Kwa inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga, ndikuti matenda a mtima sabwera ndi kupweteka kwa pachifuwa kokha. Ululu uliwonse umene umabwera mukamayenda kapena kunyamula katundu n'kutha mukapuma, kaya ndi wa nsagwada, mkono, msana kapena pakhosi, ukufunika dokotala sabata yomweyo. Kutopa kosadziwika bwino ndi kupuma mobanika musakutche ukalamba musanayezedwe. Ululuwo ukabwera ndi thukuta kapena mseru, osatha mukakhala pansi, imeneyo ndi nkhani ya ambulansi, osati ya madzi akumwa. Ndipo muuzeni munthu wa m'nyumba mwanu zimene mukumva, chifukwa tsiku loipalo ndi iyeyo amene adzafunika kudziwa chochita.

Ambiri a ife kuno timagwira ntchito yosamalira makolo a anthu ena, ndipo timaganiza kuti tikajomba tsiku limodzi zinthu ziima. Siziima. Ofesi ipeza wina wopita m'malo mwanu, wodwala wanu asamba, adya, amwa mankhwala ake. Tsiku limene dokotala wakupatsani musalisinthe. Pitani.